Timakina ta M'munda Timadziwa Bwanji Pomwe Tili?

Mlimi wa kachewere ku Angónia, m'chigawo cha Tete, amadziwa kuti dimba la kudambo ndi munda wa m'tsinde mwa phiri la Dómuè sizimwa madzi mofanana. Masiku ano kuli timakina toyendera batire toyeza chinyezi cha nthaka, tomwe timapatsirana uthenga popanda waya mpaka ukafike pa kompyuta. Koma uthenga woti nthaka yauma ndi wachabe ngati sizikudziwika kuti yauma pati.

GPS imathandiza, kungoti imamaliza batire msanga, ndipo kuiika pa kamakina kalikonse n'kodula. N'chifukwa chake akatswiri amaiika pa timakina towerengeka chabe. Kamakina kopanda GPS kamayeza mphamvu ya siginolo yochokera ku timakina titatu todziwa kale malo, n'kuyerekeza mtunda wa kalikonse. Pomwe mitunda itatuyo yakumana, kali pomwepo.

Kumapiri nkhani imavuta. Chitunda chimatchinga siginolo, ndipo chimanga chikakula mu February masamba ake onyowa amaifooketsa, kamakina kapafupi n'kumaoneka ngati kali kutali. Mu 2001, Dragoș Niculescu ndi Badri Nath a ku yunivesite ya Rutgers ku America anabweretsa njira ina, ya DV-Hop: kuwerenga kuti uthenga wadutsa timakina tingati usanafike. Njirayi ndi yotchipa, ngakhale imaphonya timakina tikamwazikana mosalingana.

Ku Ulónguè kuli sukulu ya zaulimi ya Universidade Zambeze. Ophunzira ake ndi oyenera kuyesa njira ziwirizi m'minda yotsetsereka ya kwawo, nyengo ya dzinja ndi yachilimwe yomwe.