Lamulo la "del" mu Python Limacotsa Dzina Cabe

Anthu ambiri amene amalemba mapulogalamu a kompyuta m'cinenero ca Python amaganiza kuti akalemba lamulo la del, cinthu cimene cinali mu memori cimafafanizika nthawi yomweyo. Koma sizili tero, ndipo kusamvetsa zimenezi kungacititse kuti pulogalamu izingodya memori mpaka kuima pakati pa nchito.

Python inatulutsidwa koyamba mu 1991 ndi a Guido van Rossum a ku Netherlands. M'cinenero cimeneci dzina lili ngati cingwe comangira mbuzi ku cikhomo. Mbuzi imodzi ingathe kukhala ndi zingwe ziwiri kapena zitatu, ndipo mukamasula cimodzi, siicoka.

Tinene kuti mndandanda wa maina a ophunzira mwaupatsa dzina lakuti a, kenaka mwalemba b = a. Mndandanda ukadali umodzi, koma zingwe zake ndi ziwiri. Mukalemba del a, dzina limodzi lacoka, koma mndandanda wonse ukadali mu memori cifukwa b akuugwirabe. CPython, imene ndi Python yogwiritsidwa nchito kwambiri, imawerenga zingwe za cinthu ciliconse. Ciwerengero cikafika pa 0, m'pamene malo a cinthuco amamasuka.

Vuto limabwera pamene zinthu ziwiri zagwirana zokhazokha, monga mbuzi ziwiri zomangidwa ku cingwe cimodzi popanda cikhomo. Palibe amene akuzifuna, koma ciwerengero cao sicifika pa 0. N'cifukwa cake mu 2000, pamene Python 2.0 inatuluka, anaikamo mbali ina yochedwa gc, imene nthawi ndi nthawi imafunafuna zinthu zotere ndi kuzicotsa. Ofuna kuti kusesaku kucitike pomwepo amalemba gc.collect().

Komabe, kawirikawiri colakwa sicikhala ca Python. Cimakhala ca wolemba pulogalamu amene anaika cinthu mu mndandanda wina waukulu n'kuiwala. Gc siikhudza cinthu cimene cikadali ndi wocigwira, ngakhale citakhala kuti cinasiya kale kugwiritsidwa nchito. Wolembayo ayenera kufufuza kumene cingwe cotsala cili ndi kucimasula.

Ndipo musadabwe mukaona kuti kompyuta ikuonetsabe memori yambiri yogwidwa pambuyo pa zonsezi. Nthawi zina Python imasunga malo amene yamasula kuti iikemo zinthu zatsopano, m'malo mowabweza ku kompyuta.