Bokosi loyamba lisakhale la mlombwa

Ukalowa pa TikTok kapena YouTube n'kufufuza za ukalipentala, umapeza mkulu wina ali m'galaja yake ku Ulaya, makina akulira, pakutha pa mphindi zitatu bokosi latuluka lonyezimira ngati galasi. Bandulo imatha ukuonera zoterezi. Kenako umazimitsa foni n'kudziuza kuti izi n'zakunja, kuno sizingatheke.

Zimatheka. Pitani ku Ngala, kumpoto kwa Dwangwa m'mbali mwa msewu wa M5, mukaone mmisiri ali pansi pa mtengo wa mango ndi sowo, puleni, tchizulo, hamala ndi sikweya basi. Magetsi ayake kapena athime, iye alibe nazo ntchito. Zida zomwezo n'zokwanira kwa mnyamata kapena mtsikana amene akufuna kuyesa luso limeneli Loweruka masana m'malo mongokhala pa bawo.

Ndikudziwa, ukangoti bokosi ambiri amayamba kuganiza za maliro. Ine ndikunena la amoyo. Kunyanja kuno bokosi lili ndi ntchito: msodzi amasungamo batire ya nyali zokopera usipa, foni ndi ndalama kuti mafunde asazinyowetse. Kunyumba mumalowa satifiketi ya MSCE, buku la kuchipatala ndi chitupa cha unzika. Amene anaona madzi osefukira a mu Febuluwale 2024 cha ku Dwangwa akudziwa kusiyana kwa mapepala osungidwa m'jumbo pansi pa matiresi ndi osungidwa m'kabokosi kotsekeka bwino, koti ukhoza kukanyamula pamutu pothawa.

Chimene mavidiyo aja sakuuza n'choti thabwa limapuma. Nthawi ya dzinja limamwa chinyezi n'kufufuma, ikafika Okutobala limauma n'kubwerera. Ukapangira bokosi thabwa laliwisi, lochekedwa sabata yatha, pakapita miyezi iwiri chivundikiro chapindika ndipo m'makona mwatseguka mipata yolowa mphemvu. Amisiri odziwa amasanja matabwa pamthunzi, n'kuika timitengo pakati pake kuti mphepo izidutsa, ndiye amadikira. Kudikirako ndiye kumatikanika achinyamatafe.

China ndi makona. Msomali wokha sugwira kwa nthawi yaitali, umachita dzimbiri n'kuyamba kugwedera. Bokosi lolimba ndi lija matabwa ake amalumana ngati zala za manja awiri, mano a thabwa lina kulowa m'mipata ya linzake, kenako guluu pang'ono. Kudula mano amenewa ndi tchizulo kumadya tsiku lonse ukakhala wophunzira, ndipo zala zimalandira zake.

Tsono pamene pali nkhani ndi pa mtengo. Kasitomala akafika kwa kalipentala, mawu ake oyamba amakhala akuti akufuna za mlombwa kapena mbawa. Sindimuda. Mlombwa suopa chiswe, supindika wamba, ndipo ukaupaka vanishi umaoneka ngati uchi. Koma mtengo umenewu, uja umatuluka utomoni wofiira ngati magazi ukautema, umatenga zaka makumi angapo kuti ufike pochekedwa. Amene akuudula lero sadzaona wina wolowa m'malo mwake.

Dziko lonse laliona vutoli. Mu Novembala 2022, pamsonkhano wa pangano la CITES ku Panama, mayiko anagwirizana kuti mitengo ya ku Africa ya mtundu wa mlombwa, mbawa ndi msambamfumu isamagulitsidwe kunja popanda chilolezo. Kuno kwathu lamulo la nkhalango la 1997 linakonzedwanso mu 2020 ndipo zilango zinakwera. Nkhalango ya Nkhotakota, ya makilomita 1,800 m'bwalo lake lonse, yakhala m'manja mwa African Parks kuyambira 2015, ndipo ili ndi mpanda komanso asilikali olondera. Choncho munthu akakubweretserani matabwa a mlombwa usiku panjinga, pamtengo wozizira, wopanda pepala lililonse, musanamizire kuti simukudziwa kumene achokera.

Osema mabwato anaphunzira kale phunziroli. Mitengo ikuluikulu yachilengedwe itasowa m'mphepete mwa nyanja, ambiri anatembenukira ku mango, ngakhale bwato lake silikhalitsa ngati la mbawa.

Nanga wophunzira ayambire pati? Pa zidutswa. Pashedi ya kalipentala aliyense pali mulu wa zotsala zimene mathero ake ndi pamoto wophikira nsima. Kabokosi kosungira tchaja, mahedifoni ndi mawotchi sikafuna thabwa lalitali kuposa mkono wanu. Pali malaina, amene ndi wopepuka ndipo amapalika mosavuta. Pali paini wa ku Chikangawa, wofewa bwino kwa woyamba kumene, kungoti chiswe chimamukonda, ndiye musamuike pansi pa dothi. Ndipo pagombe pali maboti akale amene anasiya kulowa m'madzi. Mukambirane ndi mwini wake, musangozula. Matabwa amenewo anauma kalekale, ali ndi mabowo a misomali ndi utoto wosuwa umene anthu a m'tauni amalipira ndalama zambiri kuti aupeze pa tebulo lawo. Chenjerani ndi misomali yobisika, imodzi yokha imaononga mpeni wa puleni.

Wofuna kupita patali, maphunziro a ukalipentala alipo kudzera ku TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999. Koma musanalembe kalata yofunsira malo, pemphani kalipentala wa kwanuko kuti muzimugwirira thabwa akamacheka, mumusesere utuchi, iye akubwerekeni sikweya.

Bokosi langa loyamba linali la zidutswa za paini. Chivundikiro chake chimatseka mbali imodzi yokha chifukwa mahinjesi ndinawakhoma mopendekera, ndipo mng'ono wanga amaliseka mpaka lero. Muli satifiketi yanga ya MSCE.