Kuchoka pa jimu ya kuseri kwa nyumba kukafika pa siteji ya adzitho

Pa Liwonde, pa Ntaja, pa Ulongwe ngakhale m'tauni ya Balaka, simungayende mtunda wautali madzulo osamva zitsulo zikulira kuseri kwa nyumba ina. Jimu zake timazidziwa: benchi ya matabwa, mpaipi wokhala ndi zitini za simenti uku ndi uku, magiya akale a galimoto amene mmisiri wa pamsika anawotcherera. Anyamata ambiri ajintchira pamenepo. Ena mwa iwo akaona zithunzi za mpikisano wa Mr Malawi pa Facebook amagwedeza mutu n'kunena kuti, "Awa ine ndingawakwanitse." Mwina n'zoona. Koma amene akufuna kukwera siteji koyamba adziwe kuti ntchito yaikulu ya miyezi inayi yomaliza ili m'mbale ndi pagalasi, osati pabenchi.

Pa siteji palibe chitsulo

Masewera onyamula zitsulo ndi mpikisano woonetsa minofu ndi zinthu ziwiri, ngakhale kwathu kuno anthu amaziphatikiza. Wonyamula zitsulo amapambana ndi makilogalamu amene wakweza. Woonetsa minofu amaima chimanjamanja, atavala kakabudula kokha, ndipo majaji safunsa kuti pabenchi amakankha zingati. Iwo amayang'ana kukula kwa minofu, kugwirizana kwa kumtunda ndi kumunsi, kumanja ndi kumanzere, kuuma kwa thupi kuti mnofu uliwonse uzioneka malire ake, komanso luso la munthuyo poonetsa zonsezi.

Mpikisano waukulu woyamba wa mtundu umenewu anaukonza Eugen Sandow ku Royal Albert Hall mumzinda wa London mu 1901. Bungwe la IFBB, limene malamulo ake amatsatidwa m'mayiko ambiri, analiyambitsa Ben ndi Joe Weider mu 1946, ndipo mpikisano wa Mr Olympia unayamba mu 1965. Arnold Schwarzenegger anaupambana ka 7, Lee Haney ndi Ronnie Coleman ka 8 aliyense. Mu 2024 chikhocho chinapita kwa Samson Dauda, wobadwira ku Nigeria koma wokhala ku United Kingdom. Amenewo ndi akatswiri a padziko lonse. Ndi abwino kuwaonera kaimidwe, koma osati kutengera kadyedwe kapena kukula kwawo.

Funsani kaye, kenako werengani masabata chobwerera m'mbuyo

Musanasinthe chilichonse pa kadyedwe, pezani tsiku la mpikisano, malo ake, magulu amene alipo, ndalama yolembetsera ndi chovala chololedwa. Zimenezi mufunse kwa okonza mpikisano kapena ku bungwe loyendetsa masewerawa, osati kwa mnzanu amene "anamva". M'mipikisano yambiri anthu amagawidwa potengera kulemera, kwina potengera msinkhu, ndipo kwina kumakhala gulu la men's physique, kumene amavala kabudula wofika m'mawondo ndipo safuna thupi lalikulu kwambiri. Mnyamata wa thupi lowonda mwachibadwa angachite bwino kumeneko kusiyana ndi kukaima pambali pa zimphona. Ngati kuli mpikisano wa m'chigawo kapena wa mumzinda, yambirani komweko.

Mukadziwa tsiku, werengani chobwerera. Ambiri amafunika masabata 12 mpaka 20 kuti achotse mafuta osataya minofu. Liwiro labwino ndi kutsika ndi theka la kilogalamu kapena kupitirira pang'ono pa sabata. Akatswiri amati pakati pa 0.5 ndi 1 peresenti ya kulemera kwa thupi. Munthu wa makilogalamu 78 amene akufunika kutaya 8 ayambe kutatsala masabata 16. Amene amayamba kutatsala mwezi umodzi amakadzipha ndi njala, n'kufika pa siteji atafota. Ndipo ngati zitsulo mwaziyamba chaka chino, mpikisano wa chaka chino pitani mukaonere chabe. Kuumitsa thupi kumaonetsa minofu imene ilipo kale, sikubweretsa ina.

Kwa abale athu a Chisilamu, amene ndi ambiri ku Machinga ndi mbali zina za Balaka, pali kalendala yachiwiri yoti muyang'ane. Mwezi wa Ramadan umabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Ukagwera m'kati mwa masabata okonzekera, sunthirani zitsulo kumadzulo mutafutulu, ndipo gawani chakudya chomanga thupi pakati pa futali, usiku ndi dakwi.

Pitaninso kuchipatala mukayezetse BP ndi magazi. Amene anakulira m'mbali mwa Shire, Chilwa kapena Chiuta ayezetse likodzo ndi njoka za m'mimba. Matenda amenewa amachepetsa magazi mwakachetechete, munthu n'kumadabwa kuti akudya bwino koma mphamvu palibe. Gonaninso m'neti: malungo a sabata imodzi amagwetsa ntchito ya mwezi wathunthu.

Miyendo ndi msana

Matenda a jimu zathu za kuseri kwa nyumba ndi amodzi: Lolemba chifuwa, Lachiwiri mikono, Lachitatu chifuwa kachiwiri. Zotsatira zake ndi anyamata otambalala kumtunda koma miyendo ngati ya kakowa. Mumsewu thalauza limabisa. Pa siteji palibe pobisala, ndipo majaji amakuoneraninso kumbuyo.

Mnofu uliwonse ugwire ntchito kawiri pa sabata. Miyendo imafuna ma squat ofika pansi, kuyenda chogwada mutanyamula zitsulo, ndi kunyamula chitsulo kuchokera pansi kuti kumbuyo kwa ntchafu kudzuke. Msana umafuna kudzikoka pa mtanda ndi kukoka chitsulo mutawerama. Akatumba a kumunsi kwa mwendo musawaiwale. A kabaza amene amapalasa njinga tsiku lonse ali ndi poyambira pabwino, koma kupalasa kumapatsa kupirira, osati kukula kumene majaji amafuna.

Pa nthawi youmitsa thupi musapeputse zitsulo. Pali chikhulupiriro chakuti chitsulo chopepuka chokwezedwa kambirimbiri "chimadula" minofu. Chimene chimadula ndi kuchepa kwa mafuta m'thupi. Chitsulo cholemera ndi chimene chimauza thupi kuti minofu ikufunikabe. Onjezani kuyenda ndawala m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndipo gonani maola 7 kapena 8.

Nkhani yeniyeni ili m'mbale

Apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi, poganiza kuti popanda zitini za ufa wa mapuloteni wochokera ku Joni palibe chimene angachite. Si zoona. Ufa umenewo ndi chakudya basi, chongofewetsa ntchito kwa amene ali ndi ndalama. Msika wa pa Liwonde kapena pa Balaka uli ndi zonse zofunika.

Munthu womanga minofu amafunika magalamu 1.6 mpaka 2.2 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse. Wa makilogalamu 70 ndiye kuti akufuna pakati pa magalamu 112 ndi 154. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6. Soya pisi wouma pafupifupi theka lake ndi mapuloteni, choncho magalamu 50 akupatsani 25. Nsomba zouma monga matemba a ku Chilwa ndi usipa zilinso m'gulu lomwelo, ndipo poti timadya ndi minga yomwe, mafupa amapindula nawo. Mlamba, makumba, nkhuku yochotsa khungu, nyama yambuzi yopanda mafuta, chambiko, nandolo amene Balaka ndi Machinga amalima kwambiri, khobwe ndi nyemba, zonsezi zimawerengedwa. Mazira 4 m'mawa, matemba odzaza dzanja masana pamodzi ndi nandolo, soya pisi madzulo, ndi kapu ya mkaka kapena kachidutswa ka nkhuku pakati, mwafika kale pafupi ndi muyezo. Gawani katatu kapena kanayi pa tsiku m'malo mounjika pa mgonero.

Mtedza ndi wonyenga. Uli ndi mapuloteni ndithu, koma pafupifupi theka lake ndi mafuta, ndipo munthu amatha kukukuta mbale yonse akucheza. Nsinjiro m'masamba ikhale ya muyezo.

Nsima si mdani. Minofu imafuna chakudya chopatsa mphamvu kuti inyamule zitsulo, ndipo amene amasiyiratu nsima, mpunga ndi mbatata amafooka pofika sabata yachitatu. Chofunika ndi kuyeza. Gwiritsani chipande chimodzimodzi tsiku lililonse kuti mtanda ukhale wofanana. Ngati mumadya mitanda inayi, yambani ndi itatu. Dziyezeni pa sikelo imodzimodzi m'mawa musanadye, kangapo pa sabata, n'kulemba m'kope. Sikelo ikaima masabata awiri, chotsani theka la mtanda kapena onjezani kuyenda. Chakudya chopatsa mphamvu chochuluka chizikhala pafupi ndi nthawi ya jimu. Mbale idzaze ndi masamba: nkhwani, chisoso, bonongwe, therere, mpiru, kabichi. Zimakhutitsa popanda kunenepetsa.

Adani enieni ndi aang'onoang'ono amene sitiwawerengera. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo ndiwo zathu zambiri zimasambira m'mafuta. Tchipisi cha pachiwaya, mandasi, zitumbuwa, shuga wa mu tiyi, thobwa lotsekemera, zakumwa za m'mabotolo ndi mowa, izi zokha zikachoka ambiri amayamba kutsika nsima asanaikhudze. Vuto lake ndi lakuti pakhomo timadyera limodzi. Kambiranani ndi amene amaphika, kaya ndi amayi kaya akazi anu, kuti azikupatulirani ndiwo asanathire mafuta ambiri. Mukangoyamba kukana chakudya osafotokoza, pakhomo pabuka nkhani ina imene ilibe chochita ndi minofu.

Pa zogula m'masitolo, creatine ndiye amene kafukufuku wamutsimikizira kwambiri, magalamu 3 mpaka 5 pa tsiku. Koma ngati ndalama ndi yoti musankhe pakati pa iyeyo ndi thireyi ya mazira, tengani mazira.

Kuima nakonso n'kophunzira

Ochita mpikisano amayamba ndi kutembenuka mbali zinayi, kenako amaitanidwa kuonetsa maimidwe okakamiza: front double biceps, front lat spread, side chest, back double biceps, back lat spread, side triceps, ndi abdominals and thighs. Mipikisano ina imawonjezera most muscular. Mayina amenewa amatchulidwa m'Chingerezi pa chimkuzamawu, choncho alowezeni kuti musamacheukire anzanu.

Kuima kulikonse kumayambira kumapazi. Limbitsani ntchafu, kokerani mimba m'kati, kenako tsegulani kumtunda, nkhope ili yomasuka. Woyamba kumene amakumbukira mikono n'kuiwala miyendo, kapena amagwira mpweya mpaka kuona chizungulire. Yambani kuyeserera kutatsala masabata 8 kapena kuposerapo, mphindi 15 tsiku lililonse, choyamba pagalasi, kenako popanda galasi mnzanu akujambula pa foni, chifukwa pa siteji galasi kulibe. Kutambasula msana kumavuta kwambiri. Ena zimawatengera mwezi kuti angopeza mnofu wake. Ngati mpikisano uli ndi gawo loti aliyense aonetse yekha ndi nyimbo, sankhani nyimbo msanga, funsani kutalika kololedwa, ndipo ikani patsogolo mbali za thupi zimene muli nazo bwino.

Jakisoni ndi mapiritsi

Mukangotchula za mpikisano, wina adzakukokerani pambali n'kukuuzani za "katundu" amene angakupezereni. Ma steroid amakulitsa minofu, palibe chifukwa chonamizana. Amakwezanso BP, amawononga mtima ndi chiwindi, amafotetsa machende, amachepetsa mbewu ya abambo, ndipo ena amamera mabere amene sachoka popanda opaleshoni. Ogulidwa mobisa sadziwika n'komwe chimene chili m'botolo, ndipo kubwerekana singano ndi njira ya HIV ndi matenda a chiwindi. Bungwe la WADA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, limaletsa mankhwalawa m'masewera. Mapiritsi onenepetsa a pamsika nawo amangodzaza madzi ndi mafuta, zimene mukulimbana nazo. Kwa ine, palibe chikho chimene chingalipire impso.

Sabata yomaliza, makamaka kukatentha

Ngati mwagwira bwino masabata 15, yomalizayi ilibe matsenga. Chepetsani zitsulo, siyani miyendo kutatsala masiku anayi kapena asanu, onjezani pang'ono mpunga kapena mbatata masiku awiri omaliza kuti minofu idzaze. Musayese chakudya chachilendo.

Choopsa ndi mwambo wosiya kumwa madzi ndi kumwa mapiritsi okodzetsa pofuna kuti khungu limatirire. Mohammed Benaziza, katswiri wodziwika padziko lonse, anamwalira mu 1992 ku Netherlands patangopita maola ochepa atatsika pa siteji, thupi litauma mopitirira muyezo. Tsono ganizirani kutentha kwa Balaka ndi Liwonde mu Okutobala ndi Novembala, ndiye munthu wosamwa madzi akwere minibasi yodzaza kupita ku Blantyre kudzera pa Zalewa kapena ku Zomba. Gawo lalikulu la minofu ndi madzi. Mukaiumitsa imaphwa n'kuyamba kukokana. Imwani madzi monga mwa masiku onse ndipo mchere musausiye.

Tsiku lenilenilo

Nyamukani dzulo lake ngati mpikisano uli kutali. Metani tsitsi la m'thupi kutatsala masiku awiri kuti zotupa za lezala zithe. M'chikwama mukhale chovala cha pa siteji ndi china chapadera, chitupa, nyimbo yanu pa fulashi ndi pa foni, thaulo, madzi, mpunga wophika, nthochi, ndi lamba wa mphira wopopera minofu musanaitanidwe. Mafuta odzola akhale ochepa. Ochuluka amanyezimira pa magetsi n'kubisa mizere imene mwaivutikira. Tengani mnzanu mmodzi wokudzozani kumsana ndi kumvetsera nambala yanu ikaitanidwa.

Mukatsika pa siteji, kaya mwapambana kaya ayi, pitani kwa mmodzi wa majaji mwaulemu mukafunse chimene chinasowa, ndipo lembani. Pobwerera kumudzi musadye ngati mukubwezera: onjezani chakudya pang'onopang'ono kwa masabata angapo, ndipo Lolemba loyamba pa jimu yambani ndi mbali imene ajaji aja anatchula.