Kupereka Magazi ndi Ziwalo: Zimene Anthu a ku Nsambe Ayenera Kudziwa

Mayi akataya magazi ambiri pobereka, kapena mwana akadwala malungo mpaka zikhatho kuyera, mankhwala okha sakwanira. Chimene chimafunika ndi magazi, ndipo palibe fakitale imene imawapanga. Amachokera m'thupi la munthu wina amene anawapereka mwa kufuna kwake. Nkhaniyi ndi yaikulu kwa anthu a ku Nsambe chifukwa wodwala wofunika kuikidwa magazi amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Neno, ulendo wa m'mapiri umene umavuta kwambiri nthawi ya dzinja. Akafika n'kupeza kuti m'nkhokwe mulibe magazi, ndiye kuti ayenera kudikira ena ochokera kutali, pamene nthawi ndiyo yamuthera kale.

Ntchito yotolera magazi m'dziko muno ili m'manja mwa bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, lomwe linakhazikitsidwa mu 2003. Bungweli lili ndi nthambi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Balaka. Limatolera magazi, kuwayeza, ndi kuwagawa m'zipatala za boma ndi za mishoni. Ambiri mwa opereka magazi ndi ophunzira a m'sukulu za sekondale ndi za ukachenjede. N'chifukwa chake magazi amasowa kwambiri sukulu zikatsekera, makamaka mu Disembala ndi Januwale, nthawi yomwenso malungo amachuluka.

Munthu wamkulu amakhala ndi magazi pafupifupi malita 5, ndipo popereka amatengako mamililita 450 okha, omwe sakwana theka la lita. Madzi a m'magaziwo amabwerera m'masiku awiri kapena atatu, pamene mbali yofiira imabwerera pakatha milungu ingapo. Wololedwa kupereka ndi munthu wathanzi wa zaka 16 mpaka 65. Asanapereke, achipatala amamuyeza kulemera kwa thupi, kuthamanga kwa magazi ndi kuchuluka kwake, ndipo amamufunsa za umoyo wake mwachinsinsi. Abambo angathe kupereka miyezi itatu iliyonse ndipo amayi miyezi inayi iliyonse. Mayi woyembekezera kapena munthu amene akudwala saloledwa. Singano imagwira ntchito kamodzi n'kutayidwa, choncho woperekayo sangatengerepo matenda.

Magazi onse amayezedwa asanaikidwe mwa wodwala, pofufuza HIV, matenda a chiwindi a mitundu ya B ndi C, chindoko ndi malungo. Amayezedwanso gulu lake, kaya ndi A, B, AB kapena O, popeza kuika munthu magazi osagwirizana ndi ake kungathe kumupha. Ngakhale atasungidwa bwino mufiriji, magazi satha milungu yoposa 6 asanawonongeke. Ichi n'chifukwa chake kupereka kamodzi sikukwanira, ndipo nkhokwe imadalira anthu opereka mobwerezabwereza.

Mantha alipo ndipo ali ndi pochokera. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafala m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi ena a m'chigawo cha kumwera. Anthu osalakwa anaphedwa, ndipo ntchito za umoyo zinasokonekera m'midzi yambiri. Kusiyana kwake n'koonekeratu: otolera magazi ovomerezeka amabwera masana, amadzera kwa mafumu, aphunzitsi kapena atsogoleri a mipingo, ndipo sakakamiza aliyense. Wopereka salipidwa, chifukwa ndalama zingachititse munthu kubisa matenda amene ali nawo.

Kupereka ziwalo ndi nkhani ina, ngakhale kuti mtima wake ndi womwewo. Opaleshoni yoyamba yopambana yoika munthu impso ya mnzake inachitika mu 1954 ku Boston, m'dziko la America, pakati pa abale awiri amapasa. Mu 1967 dokotala Christiaan Barnard anaika munthu mtima wa munthu wina kwa nthawi yoyamba pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town. Ku South Africa, kumene Amalawi ambiri amagwira ntchito, munthu angathe kulembetsa ku bungwe la Organ Donor Foundation kuti ziwalo zake zidzathandize ena iye akadzamwalira. Komabe madokotala amapempha chilolezo cha achibale, choncho wolembetsa amalangizidwa kuuza a kubanja kwake akadali moyo.

Kuno kwathu, munthu amene impso zake zasiya kugwira ntchito amathandizidwa ndi makina osefa magazi, monga amene ali ku zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene amayenera kupita kangapo pa mlungu. Ofunika impso ina akhala akupita kunja, makamaka ku India, ndipo kawirikawiri wopereka amakhala m'bale wawo. Izi zimatheka chifukwa munthu amabadwa ndi impso ziwiri ndipo angathe kukhala bwino ndi imodzi. Zoterezi zimachitikira m'chipatala, woperekayo atayezedwa ndi kuvomera yekha. Malonda a ziwalo za anthu ndi mlandu waukulu, ndipo lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015 limaletsa kutenga munthu pofuna kumuchotsa ziwalo. Aliyense wolonjeza ndalama posinthana ndi chiwalo ayenera kukanenedwa kupolisi.

Popeza thandizo la impso lili kutali ndiponso ndi lodula, kupewa ndiko kofunika. Shuga ndi kuthamanga kwa magazi ndi matenda amene amawononga impso mwakachetechete. Onsewa amayezedwa m'zipatala za m'boma la Neno, kumene Unduna wa Zaumoyo wakhala ukugwira ntchito limodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo kuyambira mu 2007.

Mafumu, makomiti a chitukuko a m'midzi, mipingo ndi magulu a achinyamata angathe kuika nkhaniyi pa misonkhano yawo, n'kuitana alangizi a zaumoyo kudzayankha mafunso a anthu. Dera likasonkhanitsa ofuna kupereka, likhoza kupempha kudzera ku ofesi ya zaumoyo ya boma kuti otolera magazi abwere. Tsiku la 14 Juni, lokumbukira opereka magazi pa dziko lonse, ndi mwayi wabwino wochitira zimenezi. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika: magazi operekedwa ku Nsambe lero angathe kupulumutsa mlendo, monganso a mlendo angadzapulumutse mwana wa ku Nsambe.