U-177, sitima ya Germany yomwe idadzetsa maliro ku gombe la Natal

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Germany idapanga sitima zoyenda pansi pa madzi zamtundu wa IXD2 kuti zikamenye nkhondo kutali. Imodzi mwa izo, U-177, idapangidwa ku Bremen ndipo idayamba ntchito mu 1942. Idali yotalika mamita oposa 87, ndipo inkanyamula mafuta okwanira kufika m'nyanja ya Indian. Ikakhala pamwamba pa madzi inkayendera dizilo, ikamira inkayendera mabatire.

Pa 28 November 1942 idamiza sitima ya Britain yotchedwa Nova Scotia pafupi ndi Natal. Anthu 858 adafa, ambiri mwa iwo akaidi a ku Italy. Opulumuka adavuulidwa ndi sitima ya Portugal yochokera ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo.

Ndege ya America idamiza U-177 m'nyanja ya Atlantic pa 6 February 1944.