Nthambo za Magetsi Nazonso Zimakalamba

Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikukwera m'madenga a nyumba za anthu, tochi kudzanja ili ndi pulayala kudzanja linalo, ndaona kuti mwini nyumba amadziwa msinkhu wa malata ake, amakumbukira chaka chimene anapaka penti komaliza, ngakhalenso dzinja limene chiswe chinadya chitseko cha kukhitchini. Koma za nthambo zimene zagona pamwamba pa mutu wake, zonyamula moto wosaoneka ndi maso usana ndi usiku, saziganizira konse kufikira tsiku limene fungo la chinthu chopserera lidzamudzutsa pakati pa usiku. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mwambi umenewu sundichoka m'mutu ndikamalowa m'nyumba zakale za ku Zomba, za ku Sunnyside kapena za ku Limbe, zimene makonde ake ngotakasuka ndi zipupa zake zidakali zolimba ngati thanthwe.

Tsiku lina ndinaitanidwa ndi mayi wina wachikulire, wamasiye, amene getsi la m'chipinda chake linali kuphethiraphethira. Pondilandira anati, "Mwanangu, magetsi a m'nyumba muno sanativutepo chilowereni ndi malemu bambo anu, mungosinthako switchi basi." Ndinawayankha mwaulemu kuti, "Amayi, ndiloleni ndiyambe ndasuzumira kudenga." Nditakwera, pakati pa fumbi ndi ndowe za mileme, ndinagwira nthambo imodzi ndi zala ziwiri, magetsi nditazimitsa kale, ndipo mpira wokutira nthamboyo unangofumbutuka ngati chigumu chouma, mkuwa n'kutsala pamtunda, kutalikirana ndi unzake ngati kukula kwa njere ya mpunga. Pambali pake panali chisa cha makoswe cha mapepala ndi nsanza. Ndinatsika ndi zinyenyeswazo m'chikhatho n'kuwaonetsa mayiwo, ndipo anakhala chete nthawi yaitali, dzanja lili pakamwa.

Amisiri amene anaika nthambo zimenezo sanalakwe, pakuti m'masiku awo, pulasitiki isanafale, nthambo zinkakutidwa ndi mpira ndi nsalu, ndipo mpira, ukamva kutentha kwa pansi pa malata m'mwezi wa Okutobala chaka ndi chaka, umauma n'kusweka monga umachitira mpira wa gudumu lotayidwa padzuwa. Komanso iwo anayeza nthambozo molingana ndi katundu wa nthawi yawo. Pamene magetsi a pa Nkula anayamba kutuluka mu 1966, banja lopeza bwino linali ndi mababu owerengeka, wayilesi, simbi, kapena ndi firiji yomwe. Lero nyumba yomweyo yasenza giza, kuka, ketulo, kanema ndi matchaja osawerengeka, zonsezo zitaunjikidwa pa soketi imodzi kapena ziwiri. Taonani kusiyana kwake: pa mphamvu ya mavoti 230 imene timalandira m'dziko muno, babu la mawati 60 limakoka pafupifupi gawo limodzi la magawo anayi a ampu imodzi, pamene ketulo ya mawati 2,000 imakoka pafupifupi maampu 9 payokha. Nthambo ikasenza katundu woposa mphamvu yake imatentha, ndipo kutenthako kumachulukira polumikizira pamene sikuluwu yakhwefuka; n'chifukwa chake soketi yodera m'mbali mwa mabowo ake ine ndimaiopa kuposa nthambo yoduka.

Chimene chinandiwawa mtima koposa m'nyumba ya mayi aja ndinachipeza pa bolodi la mafyuzi. Fyuzi ndi kawaya kowonda kamene kanaikidwa dala kuti kasungunuke msanga magetsi akachuluka, kuti kafe iko m'malo mwa nyumba. Koma munthu wina, atatopa ndi kupsa kwa fyuzi, anachotsa kawayako n'kumangapo chingwe chonenepa cha mkuwa, chimene sichikanasungunuka ngakhale denga lonse likanayaka. Ndipo kwina ndinapezapo ndi msomali womwe. Wakutsina khutu ndi mnansi. Fyuzi ikamapsa kawirikawiri, kapena breaker ikamagwa, imakhala ikukuuzani kuti penapake pavunda, ndipo amene aitseka pakamwa wachotsa mlonda pachipata n'kukagona.

Palinso nthambo yachitatu imene anthu ambiri sadziwa ntchito yake, imene ife timaitcha earth. Monga madzi saiwala khwawa, magetsi nawonso amafunafuna njira yopita m'nthaka, ndipo nthambo yamoto ikakhudza chitsulo cha kuka kapena cha giza, iwo adzadutsa m'njira imene aipeza, kaya ndi nthambo ya earth yolumikizidwa ku ndodo yokhomedwa pansi, kaya ndi thupi la mwana woima pasimenti yonyowa wopanda nsapato. M'nyumba zambiri zomangidwa motsata malamulo a ku Britain 1966 isanafike, nthambo za mababu zilibe earth konse, ndipo kwina amisiri ankadalira mipope yachitsulo ya madzi, imene pambuyo pake inasinthidwa n'kuikidwa yapulasitiki popanda wolingalira kuti chitetezo chapita nayo limodzi. Mpopi wa kubafa ukamakunyerenyetsani m'manja, musati n'zachibadwa. Bolodi lamakono limakhala ndi chida chimene chimazimitsa magetsi m'kuphethira kwa diso chikangomva kuti mamiliampu 30 asochera, ndipo chida chimenechi ndimachiyesa chamtengo wapatali kuposa zonse zimene ndimaika m'nyumba.

Ntchito yosintha nthambo imayamba ndi kuyeza, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha. Timazimitsa zonse, n'kulowetsa mavoti 500 m'nthambozo ndi makina oyezera, kuti tione ngati chokutira chake chikugwirabe; makinawo akaonetsa zochepera megohm imodzi, nthambozo zatha ntchito. Pamenepo timazula zakale n'kukoka zatsopano m'mapaipi, za 1.5 mm² ku mababu, za 2.5 mm² ku masoketi, ndi za 6 mm² ku kuka, iliyonse ndi breaker yakeyake. Padzakhala fumbi, zipupa zidzagobedwa, ndipo banja lidzaphikira pambaula masiku angapo. Zimenezi sindibisira munthu. Chimene ndimakana ndicho kulumikiza nthambo yatsopano ku yampira yofumbutuka, kapena kugula nthambo zotsika mtengo zimene kunja zimaoneka zamkuwa, koma ukazipala ndi mpeni m'kati mwake n'zoyera. Ngati ndalama zili zochepa, yambani ndi bolodi, earth ndi khitchini, zipinda zinazo zitsate pambuyo. Umu ndi mmene tinachitira ndi mayi aja, ndipo ntchito yonse inatha patapita miyezi inayi.

Udindo wa ESCOM umathera pa mita. Kuchokera pamenepo kulowa m'nyumba, nthambo zonse n'zanu. Chifukwa chake ndikupemphani, inu amene mumagona m'nyumba imene inamangidwa makolo anu akadali anyamata, itanani mmisiri wokhala ndi chilolezo cha MERA, mumuuze akwere kudenga ndi makina ake oyezera mvula ya chaka chino isanayambe kudontha pa nthambozo.