Mlendo Ndiye Adza ndi Kalumo Kakuthwa: Alangizi a ku Makampani m'Sukulu za Uinjiniya

Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka, anyamata ndi atsikana ambiri amene akhoza bwino masamu ndi sayansi amaika mtima pa uinjiniya. Makolo amagulitsa mbuzi ndi chimanga, ndipo mwana amapita ku yunivesite kukakhala zaka zinayi kapena zisanu. Koma pali funso limene ambiri salifunsa: kodi zimene mwanayo akaphunzire kumeneko ndi zimene adzafunsidwe akadzayamba ntchito? Nanga amene amaonetsetsa kuti sukulu ndi ntchito zikumvana ndani?

M'mayunivesite ambiri a m'mayiko ena, mbali ina ya udindo umenewu ili m'manja mwa komiti ya alangizi ochokera ku makampani. Mamembala ake ndi mainjiniya amene ali pa ntchito m'mafakitale, m'makampani omanga misewu ndi milatho, m'mabungwe a magetsi ndi madzi, ndiponso m'boma. Ena mwa iwo amakhala oti anaphunzira pa sukulu yomweyo. Kawirikawiri salandira malipiro, ndipo amakumana kamodzi kapena kawiri pa chaka ndi mkulu wa dipatimenti pamodzi ndi aphunzitsi ake.

Mwambo woitana anthu akunja kuti adzaone za m'sukulu ndi wakale ndithu. Sukulu ya uinjiniya ya MIT ku America inayamba kukhala ndi makomiti oyendera madipatimenti ake mu 1875, ndipo mpaka lero komiti iliyonse imayendera dipatimenti yake kamodzi pa zaka ziwiri n'kupereka lipoti kwa akuluakulu oyang'anira sukuluyo.

Ntchito yoyamba ya alangizi ndi kuwerenga silabasi ndi kunena poyera pamene yatsalira. Mphunzitsi wa pa yunivesite amaona wophunzira mpaka tsiku lolandira digiri basi. Amene amaona zotsatira zake ndi injiniya wamkulu wa ku kampani. Iyeyu ndiye amadziwa ngati mnyamata amene anakhoza bwino mayeso akulephera kuwerenga pulani ya nyumba, kuwerengera mtengo wa ntchito, kapena kulemba lipoti lomveka. Makomiti ambiri amakhalanso ndi nthawi yocheza ndi ophunzira paokha, aphunzitsi atatuluka, kuti amve ngati makina a m'labu anafa kalekale kapena ngati pali phunziro limene limangolembedwa pa bolodi popanda kuligwira ndi manja. Kuwonjezera apo, alangizi amapereka mavuto enieni a ku ntchito kuti ophunzira a chaka chomaliza ayese kuwathetsa, amapezera ophunzira malo okazolowera ntchito pa tchuthi, ndipo nthawi zina amathandiza ndi zida kapena ndalama za fizi.

Mbiri ya maphunziro a uinjiniya ku America komweko ikuonetsa chifukwa chake makomiti otere anachuluka. Mu 1955 kunatuluka lipoti lotchuka la komiti imene wapampando wake anali L. E. Grinter, limene linalimbikitsa kuti ophunzira uinjiniya azame kwambiri mu masamu ndi sayansi. Mayunivesite anamvera, ndipo maola ojambula mapulani ndi ogwira makina anachepa. Pofika m'ma 1980 ndi 1990, olemba ntchito anayamba kudandaula kuti omaliza maphunziro ndi akatswiri pa masamu koma akuvutika kupanga chinthu chogwira ntchito, kugwirizana ndi anzawo ndi kufotokoza maganizo awo.

Madandaulowo anafika ku bungwe la ABET, limene limavomereza maphunziro a uinjiniya m'dzikolo. Mu 1997 bungweli linakhazikitsa malamulo atsopano otchedwa Engineering Criteria 2000. M'malo mongowerenga maola amene wophunzira wakhala m'kalasi, malamulowa anayamba kufunsa zimene iye angathe kuchita pomaliza. Anafunanso kuti dipatimenti iliyonse izimva maganizo a anthu amene imawatumikira, kuphatikizapo olemba ntchito. Malamulowo sananene kuti pakhale komiti, koma madipatimenti ambiri anaona kuti komiti ya alangizi ndiyo njira yapafupi yokwaniritsira lamuloli. Kaganizidwe komweka kanafalikira kudzera m'pangano la Washington Accord, limene mabungwe a m'mayiko 6 anasainirana mu 1989 kuti azivomerezana madigiri a uinjiniya. Dziko la South Africa linalowa m'panganoli mu 1999.

Komabe mlendo sakhala mwini mudzi. Komiti imalangiza, siilamula. Mawu omaliza pa silabasi amakhala a aphunzitsi ndi akuluakulu a yunivesite, ndipo mpake kutero. Kampani imaona zosowa za chaka chino. Ikhoza kupempha kuti ophunzira azidziwa makina ake kapena pulogalamu ya kompyuta imene ikugwiritsa ntchito lero, pamene wophunzirayo adzakhala pa ntchito zaka 30 kapena 40. Mu 1972 kampani ya Hewlett-Packard itatulutsa kakyuleta ya m'thumba ya HP-35, rula yowerengera masamu imene injiniya aliyense ankayenda nayo inatha ntchito m'zaka zochepa chabe. Amene ankadziwa chida chokha anatsala m'mbuyo. Amene ankamvetsa masamu ake anangosintha chida. Choncho dipatimenti imene imangovomera chilichonse chimene makampani anena imasanduka malo ophunzitsira antchito a kampani imodzi.

Vuto lina ndi la komiti yongokhalapo mwa dzina. Mamembala amabwera, amamwa tiyi, amamvera malipoti okoma okhaokha, n'kubwerera. Komiti yamoyo imadziwika ndi zinthu zitatu: muli anthu a makampani aakulu ndi aang'ono omwe, muli mainjiniya achinyamata amene akukumbukirabe zimene zinawavuta atangoyamba ntchito, ndipo pa msonkhano uliwonse dipatimenti imafotokoza zimene yachita ndi malangizo a msonkhano wapita.

Nkhaniyi ikukhudzanso Malawi. Sukulu ya Polytechnic ku Blantyre, imene inakhazikitsidwa mu 1965, inakhala yunivesite yoima payokha ya MUBAS mu 2021, ndipo yunivesite ya MUST ku Thyolo inatsegulidwa mu 2014. Mabuku ambiri a uinjiniya amalembedwa kunja, koma omaliza maphunziro kuno amakagwira ntchito pa Shire. Mainjiniya a ku Nkula amadziwa mmene zinyalala ndi matope zimachepetsera magetsi. A ku Kapichira anaona mmene namondwe Ana anawonongera damu mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Opopa madzi a mzinda wa Blantyre ku Walker's Ferry ndi okonza makina a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa nawonso ali ndi nzeru zimene sizipezeka m'buku. Nzeru zotere sizifika zokha m'kalasi. Pamafunika njira yokhazikika yozibweretsera.

Tsono wophunzira amene akusankha kosi, ndi mphunzitsi amene akumulangiza, asamangoyang'ana dzina la sukulu ndi mapointi ofunika. Ayenera kufunsanso kuti: kodi dipatimentiyi ili ndi alangizi ochokera ku ntchito? Anakumana liti komaliza? Nanga ndi chiyani chinasintha chifukwa cha mawu awo? Dipatimenti imene ingayankhe mafunso amenewa mosajejema ndi imene yalola kutsinidwa khutu, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi.